Zillow Inkadziwa Mtengo wa Nyumba Iliyonse ku America. Nanga Inaluza Bwanji?

Pa 2 Novembala 2021, kampani ya Zillow, yomwe likulu lake lili ku Seattle m'dziko la America, inalengeza kuti yasiya bizinesi yogula ndi kugulitsa nyumba. Inanenanso kuti ichotsa ntchito anthu pafupifupi 2,000, kutanthauza munthu mmodzi mwa antchito anayi aliwonse. Kutacha, masheya ake anagwa ndi pafupifupi 25 peresenti. Anthu anagwira pakamwa, chifukwa kwa zaka 15 kampani yomweyi ndi imene inkauza eni nyumba mamiliyoni ambiri kuti nyumba zawo zingagulidwe ndalama zingati. Mafunso otsatirawa akuunika mmene makampani a mapulogalamu a malonda a nyumba amapezera ndalama, komanso zimene zinachitika Zillow itasiya kungotchula mtengo n'kuyamba kupisa m'thumba mwake.

Kodi Zillow ndi chiyani, ndipo inayamba bwanji?

Ndi webusaiti komanso pulogalamu ya pafoni imene anthu amaonerapo nyumba zogulitsa ndi zalendi. Anaiyambitsa ndi Rich Barton ndi Lloyd Frink, omwe kale ankagwira ntchito ku Microsoft ndipo anali m'gulu loyambitsa Expedia, kampani yogulitsa matikiti a ndege pa intaneti. Kumeneko anaona kuti ukatenga zimene maejenti okha ankadziwa n'kuziika poyera, anthu amakhamukira kwa iwe.

Webusaitiyi inatsegulidwa mu Febuluwale 2006, ndipo nyambo yake inali Zestimate, nambala imene kompyuta imawerengetsera yosonyeza mtengo wa nyumba, kaya ikugulitsidwa kaya ayi. Munthu ankangolemba adiresi, mtengo n'kutulukira pomwepo. Anthu ankayamba ndi nyumba yawo, kenako ya neba, ya bwana wakuntchito, mpaka ya mlamu. Tsiku loyamba anthu anachuluka moti webusaitiyo inafa kwa maola angapo.

Zimenezi zinatheka chifukwa m'madera ambiri a ku America nyumba ikagulitsidwa, mtengo wake umalembedwa m'kaundula wa boma amene aliyense ali ndi ufulu womuwerenga, pamodzi ndi kukula kwa malo, chaka chimene nyumbayo inamangidwa ndi msonkho wake. Kumene lamulo silikakamiza kuulula mtengo, monga ku Texas, kompyuta imakhala ndi poyambira pochepa.

Anthu amalowa pa webusaitiyi ulere. Ndalama zimachokera kuti?

Zimachokera kwa maejenti. Ku America nyumba ikagulidwa, ejenti wa wogulitsa ndi ejenti wa wogula akhala akugawana komishoni ya 5 kapena 6 peresenti ya mtengo wake. Pa nyumba ya madola 400,000, imeneyo ndi madola 20,000 mpaka 24,000. Ejenti amene akudziwa kuti kasitomala mmodzi angamugwetsere madola 10,000 saumira pofuna kumupeza.

Mwachitsanzo, mayi wina wa ku Denver wagoneka ana, wakhala pampando, akuseweretsa foni. Waona nyumba ya zipinda zitatu yokhala ndi khonde lalikulu, ndipo pambali pa zithunzi pali batani loti alankhule ndi ejenti. Akadina, iye amaganiza kuti alankhula ndi amene akugulitsa nyumbayo. Kawirikawiri sizikhala choncho. Foni imapita kwa ejenti wina amene analipira Zillow kuti azilandira makasitomala a dera limenelo. Dongosololi limatchedwa Premier Agent, ndipo mu 2021 mokha linalowetsa madola pafupifupi 1.4 biliyoni. M'madera ena ejenti salipiriratu. Amadikira kuti nyumba igulidwe, kenako n'kupereka kwa Zillow gawo limodzi mwa magawo atatu a komishoni yake, mwinanso kuposa pamenepo.

Katundu amene Zillow imagulitsa, ndiye kuti, ndi dzina ndi nambala ya foni ya munthu amene akufuna nyumba. Ntchito ya Zestimate ndi kukopa munthuyo kuti abwere, ndipo ikaphonya kampani sitayapo kanthu. Mu 2016 Spencer Rascoff, yemwe panthawiyo anali mkulu wa kampaniyi, anagulitsa nyumba yake ku Seattle pa madola 1.05 miliyoni pamene Zestimate inkati ndi ya madola 1.75 miliyoni. Atolankhani anaseka, nkhani inazilala, maejenti n'kupitiriza kulipira monga mwa masiku onse.

N'chifukwa chiyani makampani oterewa amalimbirana kwambiri kukhala patsogolo?

Wofuna nyumba amapita kumene kuli nyumba zambiri, ndipo ejenti amataya ndalama zake kumene kuli anthu ambiri. Amene watsogola amakoka mbali zonse ziwiri, wachiwiri n'kumatola zotsala. N'chifukwa chake Zillow, italowa pamsika wa masheya wa Nasdaq mu 2011, inagula StreetEasy ya ku New York mu 2013, kenako mu 2015 n'kumeza Trulia, yomwe inali mdani wake wamkulu pabizinesi.

Ku Britain zimenezi zimaoneka bwino kwambiri. Webusaiti ya nyumba ya Rightmove inayambitsidwa mu 2000 ndi makampani anayi akuluakulu a maejenti. Masiku ano ofesi iliyonse ya maejenti imalipira mwezi ndi mwezi kuti nyumba zake zioneke, ndipo mu 2023 avareji ya malipirowo inapitirira mapaundi 1,400 pamwezi. Pa mapaundi 100 aliwonse amene amalowa ku Rightmove, pafupifupi 70 amatsala ngati phindu msonkho usanachotsedwe. Maejenti amadandaula chaka ndi chaka, koma amene wachokapo eni nyumba amamuthawa. Mu 2015 maejenti ena anatsegula webusaiti yawoyawo, OnTheMarket, n'kuika lamulo loti membala aziika nyumba pa webusaiti ina imodzi yokha. Ambiri anasiya webusaiti ina yotchedwa Zoopla n'kukhalabe pa Rightmove, moti amene ankafuna kumufooketsayo ndiye analimba kuposa kale. Mu 2024 kampani ya ku Australia ya REA Group inayesa kanayi kugula Rightmove, komaliza pa mapaundi pafupifupi 6.2 biliyoni, koma inakanidwa.

Ku America zinthu n'zosiyana pang'ono. Maejenti amaika nyumba m'makaundula awo a m'madera otchedwa MLS, ndipo mawebusaiti onse akuluakulu amatunga komweko. Zillow singalipiritse ejenti chifukwa choonetsa nyumba yogulitsa imene aliyense ali nayo kale, choncho imagulitsa makasitomala.

Nanga kampani yodya bwino chonchi inafunanji kuti iyambe kugula nyumba?

Panali mantha, panalinso dyera. Mu 2014 kunabadwa kampani ya Opendoor, imene inayambira ku Phoenix m'chigawo cha Arizona. Inkauza eni nyumba kuti asavutike ndi kupenta, kusesa ndi kulandira alendo odzaona nyumba Loweruka lililonse: angolemba adiresi, kampani iwatchulire mtengo, ndalama n'kulowa ku banki pa tsiku limene asankha okha. Akuluakulu a Zillow anaona kuti ogulitsa nyumba akazolowera kuyambira kumeneko, webusaiti yawo idzatsala ngati malo ongoonerako zithunzi.

Dyera linabwera chifukwa cha masamu. Anthu mamiliyoni ambiri amalowa pa Zillow mwezi uliwonse, koma pa ndalama zonse zimene zimasinthana manja nyumba ikagulidwa, kampaniyi inkangonyambitako. Ikanakhala mwini nyumbayo, ikanagulitsanso ngongole kwa wogula, n'kudyanso pa mapepala osinthira umwini. Inalinso ndi chikhulupiriro mwa kompyuta yake. Mu 2017 inali itaika mphoto ya madola 1 miliyoni kwa akatswiri a masamu amene angaiwongolere Zestimate.

Bizinesi yake yogula nyumba, yotchedwa Zillow Offers, inayamba mu 2018 ku Phoenix ndi ku Las Vegas, mizinda imene nyumba zambiri ndi zatsopano, zofanana, zomangidwa m'mizere ndi kampani imodzi, kotero n'zosavuta kuziyerekeza mtengo. Mu Febuluwale 2019 Barton anabwerera pampando wa mkulu wa kampani n'kulengeza kuti pakatha zaka zitatu kapena zisanu azidzagula nyumba 5,000 mwezi uliwonse, n'kumalowetsa madola 20 biliyoni pachaka. Pofika 2021 bizinesiyi inali itafika m'madera 25.

Kodi bizinesiyo inkayenda bwanji?

Mwini nyumba ankayankha mafunso pa intaneti n'kutumiza zithunzi. Pakapita masiku ochepa ankalandira mtengo. Akavomera, kampani inkatumiza munthu wokayendera nyumbayo, n'kuchotsera ndalama zokonzera zowonongeka komanso ndalama ya ntchito yake. Ikagula, amisiri ankalowa kudzapenta, kusintha kapeti, kukonza mipope ndi kutchetcha kapinga, kenako nyumba inkabwerera pamsika.

Phindu limene ankayembekezera pa nyumba iliyonse linali lochepa, ndipo tsiku lililonse limene nyumba yakhala yopanda munthu linkadya ndalama: chiwongoladzanja cha ngongole imene anagulira, msonkho, inshuwalansi, magetsi ndi madzi. Bizinesi yotere imayenda ngati mtengo wogulira uli wolondola komanso ngati nyumba zikutuluka msanga. Mu Febuluwale 2021 kampaniyi inafika polengeza kuti pa nyumba zina, Zestimate yomwe ija ndiyo izikhala mtengo woyambira umene ikulonjeza kulipira.

Chinavuta n'chiyani kwenikweni?

Choyamba ndi kukula kwa kuphonya. Malinga ndi Zillow yomwe, pa nyumba zimene zili kale pamsika, Zestimate imaphonya ndi 2 peresenti kapena kucheperapo pa theka la nyumbazo. Koma pa nyumba zimene sizili pamsika, zomwe ndi zimene kampaniyi inkagula, nambala imeneyi imafika cha m'ma 7 peresenti. Pa nyumba ya madola 400,000, imeneyo ndi madola 28,000, ndalama yoposa phindu lonse limene ankayembekezera. Wotolera ndalama za chiphaso pamsika sadandaula tomato akaola, koma amene waoda madengu khumi ndiye sagona tulo. Zillow inachoka pa ntchito yoyambayo n'kulowa yachiwiriyo ili ndi chida chimodzimodzi.

Chachiwiri ndi mtundu wa nyumba zimene kampani imagula. Wina anganene kuti kuphonyako kumafafanizana, nyumba ina ukaluza, ina upindula. Zikanatero kampani ikanakhala kuti imagula nyumba zonse. Koma amene amasankha kugulitsa ndi mwini nyumba, ndipo iye amadziwa zimene kompyuta siidziwa. Mumsewu umodzi muli nyumba ziwiri zofanana kukula, ndipo kompyuta yati iliyonse ndi ya madola 400,000. Yoyamba ili pakona pachete, khitchini yake ndi yatsopano, m'mawa dzuwa limalowa pabalaza. Mwini wake akudziwa kuti angapeze 430,000, ndiye akukana. Yachiwiri yayang'anizana ndi msewu waphokoso, agalu a neba amauwa usiku wonse, ndipo mvula ikagwa madzi amadikha kuseri. Mwini wake akusaina tsiku lomwelo. Mapeto ake, kampani imadzaza ndi nyumba zimene yalipira mopitirira, pamene zabwino zaidutsa. Katswiri wa zachuma George Akerlof analongosola vuto limeneli mu 1970 pofotokoza za malonda a magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito, ndipo mu 2001 analandira mphoto ya Nobel. Kutumiza woyendera nyumba kumachepetsa vutoli, koma sikulithetsa.

Chachitatu ndi nthawi. Wogula nyumba kuti adzagulitse safuna mtengo wa lero wokha. Amafuna kudziwa mtengo wa miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi ikubwerayo. Mu 2021, mliri wa Covid-19 uli mkati, ngongole za nyumba zinali zotchipa, pafupifupi 3 peresenti pachaka, ndipo pofika pakati pa chakacho mitengo ya nyumba inali itakwera ndi pafupifupi 20 peresenti poyerekeza ndi chaka chapitacho. Kumayambiriro kwa chaka mitengo imene Zillow inkatchula inkatsalira m'mbuyo, eni nyumba ambiri ankakana, ndipo nyumba zochepa zimene inagula inazigulitsa pa phindu. Pofuna kupeza Opendoor, kampani inakweza mitengo yogulira ngati kuti kukwera kuja kupitirira pa liwiro lomwelo. Eni nyumba anathamangira. Kuyambira Epulo mpaka Juni inagula nyumba 3,805. Kuyambira Julayi mpaka Sepitembala inagula 9,680 koma n'kugulitsa 3,032 zokha, ndipo nthawi yomweyo msika unayamba kuzizira.

Chachinayi chinali amisiri. Webusaiti ikalandira anthu owirikiza kawiri, amangowonjezera makompyuta. Nyumba zikawirikiza kawiri pamafunika openta, akalipentala ndi mapulambala owirikiza kawiri, ndipo chaka chimenecho amisiri ndi zipangizo zomangira zinkasowa m'dziko lonselo. Mu Okutobala kampani inaimitsa kugula, ikunena kuti ntchito yokonza nyumba yaunjikana. Akatswiri a banki ya KeyBanc ataunika nyumba 650 za Zillow, anapeza kuti ziwiri mwa zitatu zilizonse zinkatsatsidwa pa mtengo wotsika kuposa umene inagulira. Kampani inavomera kuti nyumba zimene inali nazo zatsika mtengo ndi madola 304 miliyoni, ndipo inamaliza chaka cha 2021 italowetsa madola 8.1 biliyoni koma italuza 528 miliyoni.

Ndiye wolakwa ndi kompyuta kapena mabwana?

Barton anauza eni masheya kuti kuneneratu mitengo ya nyumba kunali kovuta kwambiri kuposa mmene ankaganizira, ndipo kukulitsa bizinesiyo kukanaika kampani yonse pachiswe. Koma atolankhani a zachuma amene analankhula ndi antchito analemba kuti akuluakulu ndi amene analamula kuti mitengo yogulira ikwezedwe kuposa imene kompyuta ndi akatswiri awo oyerekeza mitengo ankanena, n'cholinga chofikira chiwerengero cha nyumba chimene anadziikira.

Zonse ziwiri n'zoona, koma chachiwirichi ndicho chimalemera. M'bizinesi ya webusaiti, kukula msanga ndiko kupambana, ndipo Zillow inakula ndi mwambo umenewo. Kwa wogula nyumba ndi ndalama zangongole, makasitomala akayamba kuvomera mtengo mwaunyinji, chimenecho ndi chizindikiro chakuti akulipira mopitirira. Kampaniyi inaona anthu akuchuluka n'kuyesa kuti zinthu zikuyenda.

Kodi makampani ena anapulumuka?

Kwa miyezi ingapo zinkaoneka ngati Zillow yokha ndiyo inalephera. Koma mu Malichi 2022 banki yaikulu ya America inayamba kukweza chiwongoladzanja, ndipo pofika Okutobala ngongole za nyumba zinali pafupifupi 7 peresenti. Ogula anasowa. Opendoor inaluza madola pafupifupi 1.4 biliyoni chaka chimenecho, ngakhale kuti ikadalipo ndipo ikugulabe nyumba. Kampani ina ya malonda a nyumba, Redfin, inatseka nthambi yake yogula nyumba, RedfinNow, mu Novembala 2022. Zillow inali itatulukamo kale: nyumba zake inazigulitsa mitengo ikadali m'mwamba, zina kwa makampani ochititsa lendi monga Pretium Partners, yomwe inatenga pafupifupi 2,000.

Panopa Zillow ikuchita chiyani?

Yabwerera ku malonda osafuna mpamba waukulu, koma cholinga chija chokhala pakati pa malonda onse sinachisiye. M'malo mogula nyumba, ikugula mapulogalamu amene maejenti amagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Inali kale ndi dotloop, yosainira mapepala pa intaneti, imene inagula mu 2015. Mu 2021 inalipira madola 500 miliyoni kugula ShowingTime, pulogalamu yopanganirana nthawi yokaona nyumba, ndipo mu 2023 inagula Follow Up Boss, imene ejenti amasungiramo mayina a makasitomala ake ndi zimene anakambirana nawo. Ejenti amene ntchito yake yonse ili m'mapulogalamu amenewa sasamuka mwachisawawa, ndipo kampani imaona pamene kasitomala aliyense wafika, n'kudziwa nthawi yomutsatsira ngongole.

Ikukulitsanso malonda a nyumba zalendi, kumene eni midadada ya nyumba amalipira kuti zipinda zawo zioneke. Amene akufuna kugulitsa nyumba mwachangu, Zillow imamutumiza ku Opendoor malinga ndi mgwirizano wa mu 2022, n'kulandirapo kangachepe popanda kusenza nyumbayo. Mu 2024, chaka chimene Jeremy Wacksman analowa m'malo mwa Barton, kampaniyi inalowetsa madola 2.2 biliyoni.

Nanga chingagwedeze bizinesi imeneyi n'chiyani?

Ndalama zambiri za Zillow zimadalira komishoni ya ejenti wa wogula, ndipo komishoni imeneyi yakhala ikukokedwera kukhoti. Mu Okutobala 2023 khoti la ku Kansas City linapeza kuti bungwe la maejenti la National Association of Realtors ndi makampani ena anagwirizana zokweza komishoni, n'kugamula kuti alipire madola pafupifupi 1.8 biliyoni. Mu Malichi 2024 bungweli linavomera kulipira madola 418 miliyoni ndi kusintha malamulo ake. Kuyambira Ogasiti 2024, malipiro a ejenti wa wogula salembedwanso mu MLS, ndipo wogula amayenera kusainirana ndi ejenti wake asanayambe kuyendera nyumba. Komishoniyo ikadzatsika, ndalama zimene ejenti angalipire pa kasitomala mmodzi zidzatsikanso.

Opikisana nawo akubweranso ndi njira zina. CoStar, kampani imene inalemera ndi kugulitsa chidziwitso cha maofesi ndi mashopu, inagula webusaiti ya Homes.com mu 2021 ndi OnTheMarket ya ku Britain mu 2023. Pa Homes.com, wofuna nyumba akadina batani amalankhula ndi ejenti amene akugulitsa nyumbayo, ndipo maejenti amalipira kuti nyumba zawo zioneke pamwamba. Palinso mkangano wa amene ali ndi mphamvu pa mndandanda wa nyumba. Mu 2025 Zillow inakhazikitsa lamulo loti nyumba imene yatsatsidwa poyera koma osaikidwa mu MLS pasanathe tsiku limodzi isadzaonekenso pa webusaiti yake, ndipo mu Juni chaka chomwecho kampani yaikulu ya maejenti ya Compass inaisumira. Mwezi wotsatira Rocket, imodzi mwa makampani akuluakulu obwereketsa ndalama zogulira nyumba, inamaliza kugula Redfin pa madola 1.75 biliyoni, moti tsopano ili ndi webusaiti yakeyake, maejenti ake ndi ngongole zake, zinthu zitatu zomwezo zimene Zillow ikuyesa kuzilumikiza.